Mbiri ya Kukomana kwa Gitala ndi Ng'oma za Tabla

Kuyambira kale Amwenye a ku India ali ndi maimbidwe awo amene mwana amaphunzira kwa zaka zambiri atakhala pamapazi a mphunzitsi wake. Maimbidwewo aima pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi raga, ndiyo njira imene mawu a nyimbo ayenera kutsata pokwera ndi potsika. Chachiwiri ndi tala, ndiyo chiwerengero cha kagundidwe ka ng'oma chimene chimazungulira ndi kubwerera poyambira. Kumpoto kwa dzikolo amaomba ting'oma tiwiri totchedwa tabla, ndipo tala yodziwika koposa, dzina lake tintal, ili ndi magundo 16.

Kutsidya kwa nyanja, ku America, zidzukulu za akapolo ochokera ku Afrika zidatulukira nyimbo za blues, ndipo m'menemo mudaphuka jazz. Woimba blues amakankha nsambo ya gitala ndi chala kuti ilire monga munthu wodandaula, ndipo woimba wa ku India amateronso pa nsambo za sitar ndi vina. Onsewa sabwereza nyimbo monga mwa dzulo, koma amapeka pomwepo ali pabwalo. Apa ndipo padagona chibale chawo.

Ravi Shankar, katswiri wa sitar, adayendayenda m'maiko a Azungu pamodzi ndi Alla Rakha woomba tabla, naimba pa misonkhano yaikulu ya Monterey m'chaka cha 1967 ndi Woodstock m'chaka cha 1969. John Coltrane, mmodzi wa akuluakulu a jazz, adakonda maimbidwewo kotero kuti adatcha mwana wake dzina la Ravi.

Tsono amene adafikitsa gitala pakati pa Amwenye mwakhama ndiye John McLaughlin, Mngelezi wobadwa m'chaka cha 1942. Iyeyu adayamba ndi blues ndi jazz, naimba ndi Miles Davis mu 1969, ndipo mu 1971 adakhazikitsa gulu la Mahavishnu Orchestra limene lidatchuka kwambiri. Koma ali pakati pa ulemerero wotere adadzichepetsa, naphunzira kuimba vina kwa mphunzitsi wa ku India, S. Ramanathan. Pambuyo pake adaika pambali gitala ya magetsi, nagwirizana ndi Zakir Hussain, mwana wa Alla Rakha uja, ndi L. Shankar woimba vayolini, ndi Vikku Vinayakram woomba mtsuko wadothi wotchedwa ghatam. Gululi adalitcha Shakti, ndiko kunena mphamvu, ndipo mbale yawo yoyamba adaijambula pamaso pa anthu ku Long Island m'chaka cha 1975.

Panali chovuta chimodzi: gitala ya Azungu siinkatha kutsetsereka bwino kuchoka pa liwu lina kufika pa linzake monga raga ifunira. Chifukwa chake mmisiri Abraham Wechter adasema gitala ina, nakumba timaenje pakati pa tizitsulo ta pakhosi pake kuti chala chizikankha nsambo momasuka, nawonjezanso nsambo 7 zopingasa zakung'ung'udza pansi pa nyimbo.

Chodabwitsa china n'chakuti Shakti idalumikiza Amwenye okhaokha. Hussain anali wa maimbidwe a kumpoto, pamene Shankar ndi Vinayakram anali a kumwera, ndipo pa masiku amenewo mbali ziwirizi sizinkaimbira pamodzi kawirikawiri. Adanena akuluakulu kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Si onse adakondwera. Ena okonda gitala ya magetsi adakhumudwa, ndipo ena osunga mwambo ku India adaopa kuti kusanganiza kudzasukulutsa chuma cha makolo. Gululo lidatulutsa mbale zitatu, nilibalalika zaka za m'ma 1970 zisanathe. Komabe mbewu idali itagwera m'nthaka. Mu 1993 Ry Cooder, wodziwa blues, ndi Vishwa Mohan Bhatt, amene adasanduliza gitala kukhala choimbira cha raga, adatulutsa mbale yotchedwa A Meeting by the River imene idalandira mphoto ya Grammy. Mu 1997 McLaughlin ndi Hussain adakomananso pa dzina la Remember Shakti, ndipo mbale ya Shakti ya 2023, This Moment, idapata Grammy mu 2024. M'mwezi wa December chaka chomwecho Zakir Hussain adamwalira ku San Francisco ali ndi zaka 73.

Mantha a osunga mwambo sadali opanda pake, pakuti kusanganiza kwa anthu osaphunzira kumabala phokoso chabe. Koma Hussain sadataye maphunziro a atate wake; adaimbabe raga ndi akatswiri a kwawo kufikira imfa yake. Amuna amenewa adatha kuimba ndi alendo chifukwa aliyense adayamba wadziwa bwino za kwawo, nalolanso kukhala wophunzira m'nyumba ya mnzake.