Wosamva ndi mwana kapena matenda?

Tsiku lina ndili pamzere pachipatala china kuno ku Mambwe, ndinamva mayi akufotokozera mnzawo za mwana wawo wodwala khunyu. Anati, "Ameneyu ndi wosamva mankhwala." Mwanayo anali pomwepo, kamnyamata ka zaka ngati 9, ndipo kanangozyolika. Mayiwo sanali kumunyoza ayi, ankangobwereza zimene anamva kwa ena. Koma tonsefe tinakula tikudziwa kuti mwana wosamva ndi uja amatumidwa kumjigo n'kukathera kumpira. Mawu oti "mankhwala" asanatuluke pakamwa, khutu la mwanayo linali litamva kale chidzudzulo.

Mneni "kumva" amasenza katundu wambiri m'chinenero chathu. Timamva mawu, timamva fungo, timamva kuwawa, timamva malangizo a makolo. Matenda nawo amamva mankhwala, kapena samva. Ndiye ponena za khunyu, tiyeni tiike kusamvako pa mwini wake. Ndi matenda osamva mankhwala, osati mwana wosamva mankhwala. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha, w, koma chilembo chimenecho chimachotsa mlandu pa nthenda n'kuusenzetsa mwana amene wameza mapiritsi ake m'mawa ndi madzulo osajomba.

Ngakhale mawu oyenerawo ali ndi muyeso wake. Mu 2010 bungwe la International League Against Epilepsy linagwirizana kuti matenda a khunyu azitchedwa osamva mankhwala pokhapokha mitundu iwiri ya mankhwala oyenera itayesedwa, pamlingo wokwanira komanso mosadukiza, koma kugwa osaleka. Tsono taganizirani za banja la kwa Malama kapena kwa Nsefu m'mwezi wa February, mitsinje ya Lupande ndi Luangwa itadzaza, msewu utasanduka matope. Mankhwala a phenobarbitone atha m'nyumba, ena sakupezeka mpaka madzi ataphwa, mwana wayambiranso kugwa. Apa matenda sanakane mankhwala, mankhwala ndiwo sanafike. Tikafulumira kunena kuti "osamva", makolo amataya mtima n'kuleka kupita kuchipatala, chonsecho bungwe la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse odwala khunyu angathe kukhala osagwa atapimidwa bwino ndi kulandira mankhwala oyenera.

Alipo ndithu ana amene nthenda yawo simvadi, ndipo nkhani ya iwowa ndi imene yatibweretsera mawu atsopano ofunika kuwasamala. Mu October 2023, pachipatala cha Great Ormond Street ku London, madokotala anachita opaleshoni mnyamata wa zaka 12 wodwala khunyu la mtundu wovuta wotchedwa Lennox-Gastaut, amene ankagwa kambirimbiri tsiku lililonse. Analowetsa timawaya tiwiri mpaka pakatikati pa ubongo, pamalo otchedwa thalamus, n'kutilumikiza ku kachipangizo kotchedwa Picostim. Kachipangizoko, ka masentimita 3.5 m'litali ndi m'lifupi, anakakhazika m'fupa la mutu momwemo, ndipo batire yake amaitchaja ndi mahedifoni ovala kumutu. Mu June 2024 analengeza kuti kugwa kwake kwa masana kwachepa ndi 80 peresenti.

Nkhaniyi itafika kuno kudzera m'mafoni, ndinamva ikukambidwa motere: "Azungu amuchiza khunyu pomuika magetsi m'mutu." Chiganizo chachifupi, koma chopunduka pawiri. Kuchiza ndi kuthetsa nthenda, munthu n'kuiwala kuti anadwalapo. Kumene kwachepa ndi 80 peresenti kwatsala 20, ndipo kachipangizoko kayenera kukhalabe m'mutu kakugwira ntchito. Mawu oona ndi kuchepetsa. Kholo limene lalonjezedwa kuchiza lidzagulitsa mbuzi ndi njinga kutsata chinthu chimene madokotala eniakewo sanalonjeze.

Nanga magetsi? Munthu wa ku Masumba kapena ku Mfuwe akamva liwu limeneli amaona waya wa papolo, uja amagwira munthu n'kumuponya uko. Ena afika mpaka ponena kuti mwanayo "amamushoka". Ayi. Ubongo wa munthu aliyense umatumizirana mauthenga ndi timphamvu ta magetsi tating'onoting'ono, ndipo kugwa khunyu kumabwera pamene timphamvuto tabuka nthawi imodzi mosalongosoka, ngati ng'oma zambiri zolira pamodzi popanda wotsogolera. Kachipangizoko kamatumiza timphamvu take tofooka, mwakachetechete, kuti tisokoneze chipwirikiticho chisanafalikire. Mnyamatayo samva n'komwe kuti kakugwira ntchito.

Pachifukwa chomwechi ndikukana mawu oti "kutsitsimutsa ubongo", amene ena atola pofuna kutsata Chingerezi liwu ndi liwu. Timatsitsimutsa munthu wokomoka, kapena mbewu yofota ndi dzuwa. Ubongo wa mwana wodwala khunyu sunafote, vuto lake n'kutakataka mopitirira. Ine ndingakonde tizinena kuti kachipangizo kodekhetsa ubongo. Agogo osapita kusukulu angamve zimenezi osafunsa kawiri, ndipo mawuwa sakulonjeza zoposa zimene kachipangizoko kamachita.

Wina anganene kuti ndikutaya nthawi, popeza opaleshoni yotere sichitika ku Kamoto kapena ku Chipata. Zoonadi sichitika. Koma mawu amayenda msanga kuposa zipangizo, ndipo akafika opotoka amawononga ngakhale chithandizo chimene tili nacho kale. M'chigwa chino malungo ndi ochuluka, ndipo malungo okwera kumutu amasiyira ana ena khunyu, choncho ana oterewa tili nawo m'makalasi ndi m'mipingo mwathu. Ambiri a iwo sakusowa waya mu ubongo. Akusowa mapiritsi osadukiza, ndi anthu owatchula mayina awo m'malo mowaitana kuti "wakhunyu uja", ngati nthendayo ndiyo mfunda wawo.

Inu aphunzitsi, anamwino, owulutsa mawu pawailesi ndi atsogoleri a mipingo, pakamwa panu ndi pamene anthu amatola mawu. Mukamva wina akuti mwana ndi wosamva mankhwala, mukonzeni mwaulemu, mwanayo akumva, kenako mufunseni ngati mapiritsi a mwezi uno alipo m'nyumba.