Mitu ya sitima imene inachotsa Zambia pa malasha a Wankie

Mutu wa sitima wakale ukamadutsa pa siteshoni ya Ndola ukufuka utsi wakuda, mabogi a mkuwa ali pambuyo, ndi anthu ochepa amene amakumbukira kuti chitsulo chimenechi chinagulidwa chifukwa cha mkangano wa ndale.

Njanji inafika ku Ndola mu 1909, ndipo migodi itayamba kutsegulidwa cha m'ma 1930, nthambi zake zinalowa ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Mwini wake anali Rhodesia Railways, likulu lake ku Bulawayo. Mitu ya nthawiyo inali ya nthunzi, yambiri ma Garratt ochokera ku Manchester, ndipo inkadya malasha a ku Wankie, tsidya lija la Zambezi. Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia, atagalukira Britain pa 11 November 1965, boma la Kenneth Kaunda linazindikira kuti mkuwa wa ku Kitwe sungasunthe ngati mdani wakana malasha.

Mu 1967 kampaniyo inagawidwa pawiri, kumpoto kunabadwa Zambia Railways yokhala ku Kabwe. Chaka chomwecho mitu ya dizilo ya mtundu wa U20C, yopangidwa ndi General Electric ku Erie, m'dziko la America, inayamba kufika. Inali ndi mphamvu ya mahatchi pafupifupi 2,000, ndipo siinkafuna munthu wothira malasha kapena kuima m'njira kuti imwe madzi. Mafuta nawonso anapeza njira yolambalala Rhodesia: paipi ya Tazama, yotalika makilomita 1,710, inafika ku Ndola kuchokera ku Dar es Salaam mu 1968, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa mu 1973. Posakhalitsa ma Garratt anayamba kugona m'mayadi. Amene akufuna kuona mitu ya nthunzi lero amapita kumalo osungirako zakale za njanji ku Livingstone.

Mitu ya dizilo ya ku China ndiyo inavutika msanga. Mitu ya DFH2 imene inabwera ndi TAZARA, njanji yochokera ku Dar es Salaam yokumana ndi ya Zambia Railways pa Kapiri Mposhi, inkapuma wefuwefu pa zitunda za pakati pa Mlimba ndi Makambako, moti ina anaiika injini za ku Germany, kenaka m'ma 1980 anagula ma U30C.

Ma U20C anapirira, koma eni ake ndi amene ankasinthasintha. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zogulira masipeya zinasowa, ndipo amakanika a ku Kabwe anaphunzira luso lomvetsa chisoni: kumasula mutu umodzi kuti ina iwiri iyende. Wina ankapereka injini, wina mawilo, mpaka kutsala chigoba chokha pa njanji ya m'mbali, udzu utamera pansi pake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunafika mitu yatsopano 15 ya General Motors ya ku Canada, koma iyi sikanatha kusenza ntchito yonse.

Mu 2003 boma linabwereketsa njanji pamodzi ndi mitu yake ku Railway Systems of Zambia, kampani imene Spoornet ya ku South Africa inalimo. Zaka zimenezo mkuwa wambiri unasamukira pa msewu, ndipo aliyense woyenda pakati pa Kitwe ndi Ndola amaudziwa mndandanda wa mathiraki umene unatsatira. Mu September 2012 boma la Michael Sata linathetsa mgwirizanowo, mitu yotsalayo n'kubwerera ku Zambia Railways, ndipo ndalama zokwana madola 120 miliyoni za ngongole ya Eurobond zinapatulidwa kuti zidzutse njanji.

Ena mwa ma U20C anawamangiranso ku Kabwe, chimango chokhacho ndicho chakale. Mu 2018 boma linalamula kuti magawo 30 pa 100 alionse a katundu wolemera, monga mkuwa, simenti ndi malasha, aziyenda pa njanji. Ena mwa malasha amenewa tsopano amachokera ku Maamba, m'Zambia momwemo, ndipo amakokedwa ndi dizilo kupita kumigodi.