Slay the Spire: Mmene mungakwerere nsanja popanda kudzilemetsa ndi makadi

Slay the Spire ndi masewera a pakompyuta ndi pafoni ya m'manja amene wosewera amamenya nkhondo pogwiritsa ntchito makadi, ndipo akagonja kamodzi kokha amabwerera poyambira n'kuuyamba ulendo wonse mwatsopano. Anapangidwa ndi kampani yaing'ono ya Mega Crit ya mumzinda wa Seattle ku America, yomwe eni ake ndi Anthony Giovannetti ndi Casey Yano. Anthu anayamba kuwasewera mu Novembala 2017 asanamalizidwe, anatuluka athunthu mu Januwale 2019, kenaka anafika pa iPhone mu 2020 ndi pa Android mu 2021.

Masewera a mtundu umenewu amatchedwa roguelike potengera Rogue, masewera a mu 1980 amene Michael Toy ndi Glenn Wichman anakonza kuti njira zake zizisintha ulendo uliwonse ndiponso kuti imfa ya wosewera isamabwezedwe. Nzeru yomanga mulu wa makadi masewera ali m'kati inatchuka ndi Dominion, masewera a patebulo a Donald X. Vaccarino a mu 2008. Makampani ena aikanso kaseweredwe kotereka m'masewera awo, monga anachitira a Blizzard poika Dungeon Run mu Hearthstone mu Disembala 2017, kotero kuti zambiri zimene zili pansipa zimathandizanso kumeneko.

Kayendedwe kake

Wosewera amasankha mmodzi mwa ankhondo anayi: Ironclad, Silent, Defect kapena Watcher. Woyamba kumupeza ndi Ironclad, amene amayamba ndi moyo wokwana 80, ndalama 99 ndi makadi 10 okha: Strike asanu, Defend anayi ndi Bash mmodzi. Pa mpata uliwonse wosewera amatola makadi asanu ndipo amakhala ndi mphamvu zitatu zolipirira makadi amene akufuna kuponya. Strike amadya mphamvu imodzi n'kuchotsa 6 pa moyo wa mdani, pamene Defend amapereka chishango cha 5 chimene chimatha mpata wotsatira ukayamba. Makadi a mu mulu akatha, amene anaponyedwa kale amasakanizidwa n'kubwereranso.

Nsanjayo ili ndi zigawo zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mapu a njira zopatukana zodutsa pa nkhondo wamba, adani amphamvu otchedwa elite, sitolo, moto wopumulirapo ndi zipinda zosadziwika. Kumapeto kwa chigawo kumakhala mdani wamkulu, amene chithunzi chake chimaoneka pamwamba pa mapu kuyambira pa sitepe yoyamba.

Khadi limene simunatenge

Nkhondo iliyonse ikatha, masewerawa amakuonetsani makadi atatu kuti musankhepo limodzi. Pansi pake pali batani lodumphira, ndipo oyamba kumene ambiri salikhudza n'komwe chifukwa amaona ngati kukana mphatso n'kutaya mwayi. Komatu maulendo ambiri amawonongekera pamenepa, kalekale wosewera asanakumane ndi mdani amene adzamuphe.

Chifukwa chake ndi masamu osavuta. Mulu wa makadi 10 umazungulira wonse pa mipata iwiri, ndiye kuti khadi lanu labwino koposa mumaligwira kawirikawiri. Mulu wa makadi 35 umafuna mipata isanu ndi iwiri, pamene nkhondo zambiri zimakhala zitatha kale, mwina inuyo mutagonja khadi lopulumutsa likadali pansi. Khadi lililonse lapakatikati limene mwalowetsa limalanda malo a khadi labwino m'dzanja la makadi asanu lija.

Izi sizikutanthauza kuti mulu waung'ono ndi lamulo. Akatswiri ambiri amapambana ndi milu yaikulu, koma khadi lililonse mmenemo limakhala ndi ntchito yake, ndipo amaonetsetsa kuti muli makadi otolera ena monga Pommel Strike ndi Shrug It Off. Funso loyenera kudzifunsa si lakuti khadili ndi labwino kodi, koma lakuti likuthetsa vuto liti mwa mavuto amene ali kutsogoloku. M'zipinda zoyambirira vuto lalikulu ndi kuchepa kwa nkhonya, choncho khadi lomenya mwamphamvu monga Carnage, limene limachotsa 20, n'lofunika kulitenga ngakhale silikongola. Demon Form, limene limawonjezera nyonga pa mpata uliwonse, ndi khadi lotchuka, koma limadya mphamvu zonse zitatu ndipo pa nkhondo zazifupi za poyamba limangokusiyani pambalambanda mukumenyedwa.

Msampha wina ndi kukonzeratu mulu wa m'maloto. Wosewera amene anapambanapo ndi poizoni wa Silent amabwerera akufuna poizoni yemweyo, n'kutenga Catalyst, khadi lowirikiza poizoni, asanakhale ndi khadi lililonse lothira poizoniyo. Masewerawa salonjeza kuti lidzabwera. Ndi bwino kumanga pa zimene zili kale m'manja.

Kuchotsa makadi n'kofunika mofanana ndi kuwatenga. Wamalonda wa m'sitolo amachotsa khadi limodzi pa ndalama 75, ndipo mtengowo umakwera ndi 25 nthawi iliyonse mukagwiritsa ntchito mwayiwu. Choyamba kuchotsa ndi khadi la temberero ngati lilipo, kenaka Strike, amene pofika chigawo chachiwiri amakhala atasanduka katundu wolemetsa chabe.

Moyo ndi ndalama yogulira

Moyo wofunika kuusunga ndi pointi yomaliza yokha. Wina wonsewo ndi wogulira zinthu. Wosewera wamantha amalambalala adani onse amphamvu, amafika kwa mdani wamkulu ali ndi moyo wodzaza koma alibe zida, ndipo amagonja pomwepo. Elite aliyense mukamugonjetsa amasiya chithumwa, chinthu chimene chimakuthandizani pa nkhondo zonse mpaka kumapeto kwa ulendo. Posankha njira pa mapu, yang'anani imene ili ndi elite awiri kapena atatu ndi moto pafupi nawo, komanso mphambano zoti mungapatukire zinthu zikavuta.

M'chigawo choyamba muli elite a mitundu itatu, ndipo kuwadziwa kumapulumutsa moyo wambiri. Gremlin Nob amawonjezera nyonga nthawi iliyonse mukaponya khadi la mtundu wa Skill, kuphatikizapo Defend, kotero kuti amene amadziteteza kwambiri ndiye amafa msanga. Njira yake ndi kumumenya mosalekeza. Lagavulin amayamba ali mtulo kwa mipata itatu pokhapokha mutamuvulaza, ndipo nthawi imeneyi ndi yoponyera makadi okonzekera nkhondo. Akadzuka amamenya kwambiri ndipo amakuchepetsani nyonga nkhondo ikamatalika. Ma Sentry atatu amadzaza mulu wanu ndi makadi opanda ntchito otchedwa Dazed, choncho kupha mmodzi mwamsanga n'kwanzeru kuposa kuwakanda onse pang'onopang'ono.

Pamoto wosewera amasankha chimodzi: kupuma, kumene kumabweza 30 peresenti ya moyo wake wonse, kapena kunola khadi limodzi kuti likhale lamphamvu. Kwa Ironclad kupuma kumabweza 24 kamodzi kokha, pamene khadi lonoledwa limagwira ntchito pa nkhondo zonse zotsala. Ndiye nolani pokhapokha ngati nkhondo yotsatira ingakupheni. Kumbukiraninso kuti pamakhala moto nthawi zonse musanafike kwa mdani wamkulu, ndipo pa mlingo woyamba wa masewerawa moyo wonse umabwerera mukamugonjetsa.

Mankhwala a m'mabotolo, amene malo ake osungira ndi atatu, anthu amawaumira kwambiri. Kufa mabotolo ali odzaza n'kofala zedi. Imwani pa elite kapena pa nkhondo iliyonse imene ikufuna kukudyerani moyo wochuluka, chifukwa malo akadzaza, botolo latsopano mumalisiya kapena mumataya lina.

Pa bwalo la nkhondo

Pamwamba pa mdani aliyense pamakhala chizindikiro chosonyeza zimene achite pa mpata wake, ndipo ngati akufuna kumenya, chiwerengero chake chimalembedwa. Palibe chifukwa chokwezera chishango pamene mdani sakumenya. Ndondomeko yoponyera makadi nayonso imasintha zotsatira. Bash amachotsa 8 ndipo amafooketsa mdani kuti nkhonya zotsatira zimupweteke ndi theka lowonjezera. Mukayamba ndi Bash kenaka Strike mumachotsa 17, koma mukatembenuza mumachotsa 14 pa mphamvu zomwezo. Adani monga Cultist, amene nyonga zake zimakula mpata uliwonse, safunika kuwapatsa nthawi.

Popeza mdani wamkulu amadziwika kuyambira pachiyambi, chigawo chonse ndi nthawi yomukonzekera. Slime Boss amagawika pawiri moyo wake ukatsika kufika pa theka, ndipo zidutswa ziwirizo zimatenga moyo umene anali nawo pogawikapo. Nzeru ndi kumufikitsa pamwamba pang'ono pa theka, kenaka kumugwetsera nkhonya zonse pa mpata umodzi. Hexaghost ndi wodabwitsa: nkhonya yake yoyamba imakula malinga ndi moyo umene inuyo muli nawo, kotero kuti kupuma musanakumane naye sikupindulitsa ngati mmene kumaonekera.

Chigawo chachiwiri ndi chimene chimapha ambiri, makamaka chifukwa adani amabwera m'magulu. Amene alowa mmenemo alibe khadi lomenya adani onse nthawi imodzi, monga Cleave, amavutika. M'chigawo chachitatu adani aakulu amalanga zizolowezi: Time Eater amadula mpata wanu mukakwanitsa makadi 12, pamene Awakened One amawonjezera nyonga mukaponya khadi la mtundu wa Power.

Zithumwa zokhala ndi mtengo wake

Mukagonjetsa mdani wamkulu wa chigawo choyamba kapena chachiwiri, mumasankha chimodzi mwa zithumwa zitatu. Zambiri zimapereka mphamvu yachinayi pa mpata uliwonse, koma zimalanda kanthu. Coffee Dripper imaletsa kupuma pamoto, Fusion Hammer imaletsa kunola makadi, Sozu imaletsa kupeza mankhwala, Ectoplasm imaletsa kupeza ndalama, ndipo Velvet Choker imalola makadi asanu ndi limodzi okha pa mpata. Kawirikawiri mphamvu yachinayi imaposa zotayikazo, bola musankhe chimene mulu wanu ungathe kuchipirira. Ironclad, amene amabwezeredwa moyo 6 nkhondo iliyonse ikatha, amapirira Coffee Dripper bwino kuposa anzake. Runic Dome, imene imabisa zolinga za adani, ndi ya okhawo amene analoweza kale khalidwe la mdani aliyense.

Amene wapambana ndi Ironclad, Silent ndi Defect amatsegulirwa njira ya ku chigawo chachinayi, kumene kuli Corrupt Heart. Kuti akafike kumeneko amafunika makiyi atatu, ndipo iliyonse imagulidwa ndi kudzimana: yofiira posiya kupuma kapena kunola pamoto umodzi, yobiriwira pogonjetsa elite wowonjezeredwa mphamvu, ndipo yabuluu posiya chithumwa cha m'bokosi. Palinso milingo 20 yotchedwa Ascension imene imawonjezera zovuta pang'onopang'ono. Kuyambira pa mlingo wa 5 moyo subwereranso wonse mukagonjetsa mdani wamkulu, ndipo pa mlingo wa 11 malo a mabotolo amatsala awiri.