John Chilembwe M'manja mwa Olemba Mbiri

Pa 3 Febuluwale 1915 apolisi a boma la atsamunda anawombera ndi kupha Mbusa John Chilembwe m'dera la Mulanje, pamene iye ankalowera kumalire a Mozambique. Mtembo wake unaikidwa mwachinsinsi, ndipo tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, chinaphwasulidwa. Chilembwe sanasiye buku. Zimene zinatsala ndi zithunzi zingapo ndi makalata ochepa, kuphatikizapo ija analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 podandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo. Motero pafupifupi zonse zodziwika za munthuyu zinadzera m'manja mwa ena, ndipo aliyense wa iwo anabwera ndi funso lakelake. Wowerenga buku limodzi lokha ali ngati mfumu yogamula mlandu itamva mbali imodzi.

Pali mfundo zimene olemba onse amagwirizana. Chilembwe anayamba kugwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth cha m'ma 1892, napita naye ku America mu 1897, kumene anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Atabwerera kwawo mu 1900 anayambitsa mpingo wa Providence Industrial Mission mothandizidwa ndi Abaptisti akuda a ku America. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anathira nkhondo esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndi nkhokwe ya mfuti ku Mandala, mu Blantyre. Azungu atatu anaphedwa, mmodzi wa iwo William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo. Amayi ndi ana achizungu sanaphedwe. Kusiyana kwa olemba kumayambira pa funso lakuti: mbusa wophunzira, womanga sukulu, anafika bwanji pamenepa?

Loyamba kuyankha linali boma lenilenilo. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1915 linatulutsa lipoti lake mu 1916. Lipotilo linavomereza kuti ku Magomero kunali nkhanza, koma linalozanso chala maphunziro a mishoni ndi mipingo yoyendetsedwa ndi anthu akuda popanda Mzungu woyang'anira. Maumboni amene bungwelo linamva anakhala m'nkhokwe zaka zambiri mpaka John McCracken anawasindikiza mu 2015 m'buku lotchedwa Voices from the Chilembwe Rising. M'menemo mukumveka madandaulo a msonkho, a thangata, ngakhalenso a chipewa, chimene munthu wakuda ankayenera kuvula akakumana ndi Mzungu. Liwu lakuti thangata lili ndi mbiri yakeyake: poyamba linkatanthauza kuthandizana pa ntchito, koma pa maesiteti linasanduka dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala.

Yankho lachiwiri linalembedwa ndi munthu wakuda. George Simeon Mwase, Mtonga amene anagwirapo ntchito yaukalaliki m'boma, analemba nkhani yake cha m'ma 1932 atamva zambiri kwa Wallace Kampingo, mmodzi wa otsatira Chilembwe amene anali m'ndende ku Zomba. Kwa Mwase, Chilembwe ankadziwa kuti sangagonjetse boma, koma anasankha kufa kuti imfa yake ikhale umboni, monga anachitira John Brown, wodana ndi ukapolo uja amene anaukira Harpers Ferry mu 1859. Zolembazi zinasindikizidwa mu 1967 ndi Robert Rotberg pa mutu wakuti Strike a Blow and Die. Bukuli ndi lamtengo wapatali, komabe Mwase sanali ku Mbombwe, ndipo zoyankhula zimene anaika m'kamwa mwa Chilembwe zinamufika patadutsa zaka zoposa 15.

Buku limene linatchukitsa Chilembwe padziko lonse ndi Independent African, lolembedwa ndi George Shepperson ndi Thomas Price. Onse awiri ankadziwa Chinyanja: Shepperson anachiphunzira kwa asilikali a King's African Rifles pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo Price analemba buku la malamulo a chiyankhulochi. Iwo anaonetsa kuti Mbombwe sunali mudzi wapawokha, koma unalumikizana ndi maganizo a Booth ndi a anthu akuda a ku America olimbana ndi tsankho. Bukuli linatuluka mu 1958, chaka chimene Dr Hastings Kamuzu Banda anabwerera ku Nyasaland kudzalimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. N'zosadabwitsa kuti owerenga a nthawiyo anaonamo kholo la nkhondo yawo yofuna ufulu.

Koma ndale zokha sizilongosola zonse. Mmawa wa Lamulungu pa 24 Januwale 1915 Chilembwe analalikira m'tchalitchi mutu wa Livingstone uli poonekera, ndipo patangopita masiku awiri anthu ake anaukira mishoni ya Akatolika ku Nguludi. Mu 1971 Jane ndi Ian Linden analemba kuti zochitika zoterezi zimamveka bwino munthu akakumbukira chiyembekezo cha kutha kwa dziko chimene chinafala nthawiyo, makamaka kuchokera pamene Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi pakati pa Atonga mu 1908 ndi 1909, akulalikira kuti ufumu watsopano udzafika mu 1914. Si onse amene anavomereza maganizowa, koma anakumbutsa akatswiri kuti Chilembwe anali mbusa, ndipo Baibulo linali buku limene anthu ake ankalidziwa koposa. Mbiri ya mpingowo, umene Dr Daniel Malekebu anautsegulanso mu 1926, inalembedwa ndi Patrick Makondesa mu 2006.

Landeg White, m'buku lake Magomero la 1987, anachotsa maso pa mtsogoleri n'kuwaika pa anthu wamba, makamaka Alomwe amene anachokera ku Mozambique nakakhala pa esiteti ya Bruce opanda munda wawowawo. Apa kuukira kuja kukuoneka ngati nkhani ya nthaka, njala ndi thonje. Naye D. D. Phiri, mu Let Us Die for Africa la 1999, analemba monga Mmalawi wofuna kuti anthu a kwawo amudziwe Chilembwe ngati wawo.

Lero Chilembwe ali ndi tsiku lake, pa 15 Januwale, ndipo nkhope yake inayamba kuoneka pa ndalama ya kwacha mu 1997. Mu 2022 chosema cha Samson Kambalu, chomuonetsa atavala chipewa, chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London. Ulemu wotere ndi woyenera, koma nkhope ya pa ndalama siyankha chifukwa chimene mbusa anaima pambali pa mutu wa munthu wophedwa, kapena chifukwa chimene mafumu ndi Akhristu ambiri sanamutsatire. Mafunso amenewa amayankhika poika mabuku a mbiri, a chipembedzo, a ndale ndi a moyo wa munthu pamphasa imodzi kuti atsutsane. Chodandaulitsa n'chakuti mabuku onse atchulidwawa ali m'Chingerezi, pamene amene anagwira thangata ku Magomero ankayankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe. Adzukulu awo akudikirabe kuuwerenga mlanduwu, mbali zake zonse, m'chiyankhulo chawo.