Mwambo Wolandira Alendo ku Mongolia

Abusa a ziweto ku Mongolia amakhala m'mahema ozungulira otchedwa ger, omwe khomo lake limayang'ana kum'mwera. Mlendo sagogoda, koma amafuula kuti eni khomo agwire galu. Polowa saponda thabwa lapansi pa chitseko, chifukwa kutero n'kunyoza mwininyumba. Giovanni da Pian del Carpine, mthenga wa Papa amene anafika m'dzikolo mu 1246, analemba kuti woponda thabwali pa hema la mfumu ankaphedwa.

Mlendo amadzera kumanzere, pamene akuluakulu amakhala kumpoto, moyang'anizana ndi khomo. Tiyi wamkaka wothira mchere amalandiridwa ndi dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza chigongono. Kukana osalawako n'chipongwe chachikulu.