Foni ya setilaiti ndi madola 5 biliyoni a Iridium

Funso ili limabwera kawirikawiri pagulu lathu lino, makamaka wina akagona masiku awiri ndi thiraki yowonongeka pamalo opanda netiweki: kodi ndingogula foni ya setilaiti? Musanatulutse ndalama, anzanga apamsewu, imvani kaye komwe foni imeneyi inachokera, chifukwa zimene imatha ndi zimene imalephera zinaonekeratu m'chaka chake choyamba.

Mu 1987, akatswiri atatu a kampani ya Motorola ku America, a Bary Bertiger, a Ray Leopold ndi a Ken Peterson, anaganiza zokweza nsanja za mafoni kumwamba. Nthawi imeneyo foni ya m'manja inali ya anthu ochepa olemera, ndipo inkagwira m'mizinda ikuluikulu yokha. Ukaoloka malire, foni ija inkangokhala mwala m'thumba. Foni ya setilaiti inalipo kale, ya bungwe la Inmarsat lomwe linakhazikitsidwa mu 1979 pofuna kuthandiza sitima zapanyanja, koma chinali chibokosi cholemera ngati sutikesi, ndipo masetilaiti ake ali kutali kwambiri, pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000. A Motorola ankafuna foni yonyamula m'dzanja limodzi. Foni yaing'ono ilibe mphamvu yofuulira kutali, choncho setilaitiyo inayenera kutsika pafupi, pa makilomita 780. Koma setilaiti yotsika chotero sikhazikika malo amodzi. Imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 100, ndipo imadutsa pamutu panu kwa mphindi zosapitirira khumi n'kukalowa. Ndiye pankafunika masetilaiti ambiri, opatsirana foni yanu ngati othamanga opatsirana kamtengo. Poyamba anawerengera 77, n'chifukwa chake anaitcha Iridium, dzina la chitsulo chimene asayansi anachipatsa nambala 77. Kenako anaona kuti 66 akwana, koma dzina linakhala lomwelo.

Anayamba kuwaponya mumlengalenga mu May 1997, ndi maroketi a America, Russia ndi China. Pa 1 November 1998 ntchito inayamba. Zonse pamodzi zinadya madola pafupifupi 5 biliyoni. Pa 13 August 1999, patangotha miyezi 9, kampani inapita kukhoti kukanena kuti yalephera kubweza ngongole.

Chinavuta si makina. Makinawo ankagwira ntchito, ndipo ankachita chinthu chodabwitsa: setilaiti ina inkalankhula ndi inzake mumlengalenga momwemo, foni n'kudutsa nyanja popanda kutsikira pansi. Chinavuta ndi zaka 11 zimene zinadutsa pakati pa ganizo ndi foni yoyamba. Setilaiti iliyonse inali ndi tizipangizo ta kompyuta 7 ta mtundu wa PowerPC tothamanga pafupifupi 200 MHz, zomwe lero foni yotchipa ya pamsika wa Limbe kapena Kamwala imaziposa kutali. Pansi pano zipangizo za kompyuta zimatsika mtengo ndi kuwonjezera mphamvu chaka ndi chaka, ndipo nsanja ya foni ikakalamba, munthu amakwera ndi makwerero n'kusintha bokosi. Kumwamba kulibe makwerero. Chimene waponya, waponya.

Pamene a Motorola ankajambula mapulani awo, pansi pano panabadwa GSM, mtundu wa netiweki umene tikugwiritsabe ntchito. Foni yoyamba ya GSM inaimbidwa ku Finland mu 1991. Vodacom ndi MTN anatsegula ku Joni mu 1994, ndipo mu 1996 Vodacom inayambitsa zogula mayunitsi usanaimbe, zomwe zinalowetsa anthu wamba. Ku Malawi TNM inabwera mu 1995, Celtel mu 1999. Munthu amene Iridium inkamudalira, bwana wamkulu wa kampani woyenda pandege, pofika 1998 anali kale ndi kafoni ka Nokia kolowa m'thumba la malaya, kogwira ku London, ku Dubai ndi ku Johannesburg. Iridium inkamuuza kuti agule foni ya madola 3,000, yolemera pafupifupi theka la kilogalamu, yokhala ndi mlongoti wonenepa ngati chala chachikulu, n'kumalipira madola 3 mpaka 7 pa mphindi. Komanso siinkagwira m'nyumba, mu ofesi kapena mkati mwa galimoto. Bwanayo ankayenera kutuluka panja, kulozetsa mlongoti kumwamba, n'kuima pabwalo ngati akuyang'ana mvula. Pofika April 1999 makasitomala anali pafupifupi 10,000 basi, pamene kampani inkayembekeza mazana a masauzande.

Amene ankaifunadi foniyo, msodzi wapakati pa nyanja, wa m'migodi yakutchire, dalaivala wa m'chipululu, analipo, koma sanali okwana kubweza ngongole ya mabiliyoni. Ine ndimaona kuti apa mpamene pagona nkhani yonse: kumene kuli anthu ambiri a ndalama, nsanja imafika n'kutchipitsa zonse, ndipo setilaiti imatsala ndi kuthengo, komwe anthu ndi ochepa. Anthu ochepa akagawana mtengo wa masetilaiti 66, mphindi siingatchipe.

Mu 2000 Motorola inakonzeka kugwetsa masetilaiti onse kuti apsere mumlengalenga. Anawapulumutsa ndi a Dan Colussy, omwe kale anali mkulu wa kampani ya ndege ya Pan Am. Iwo ndi anzawo anagula zonse pa madola pafupifupi 25 miliyoni. Werengerani nokha: pa madola 200 alionse amene analowa, iwo analipira dola imodzi. N'chimodzimodzi kugula thiraki ya madola 100,000 pa madola 500. Unduna wa zachitetezo wa America unasaina kontrakiti ya madola 72 miliyoni ya zaka ziwiri, ndipo kampani yopanda ngongole ija inayamba kupuma. Ambiri mwa masetilaiti amene ankati akhala zaka zosakwana khumi anagwira ntchito zaka pafupifupi 20, ngakhale ina inawombana ndi setilaiti yakufa ya Russia pamwamba pa Siberia mu February 2009. Atsopano anaponyedwa ndi SpaceX kuyambira 2017 mpaka January 2019.

Kwa ife oyenda maboda, vuto lalikulu silinathetsedwe ndi setilaiti. Linayamba kuchepa pamene Celtel inayambitsa One Network mu 2006 ku Kenya, Tanzania ndi Uganda, kenako n'kuifikitsa ku Congo ndi ku Malawi mu 2007, moti unkaoloka ndi simu khadi yomweyo popanda kulipira zolandira foni. Lero ambiri timangosunga masimu khadi anayi kapena asanu m'kachikwama, basi.

Tsono foni ya setilaiti ya m'manja ikupatsani chiyani? Mawu ndi uthenga waufupi, paliponse pamene thambo likuoneka. Ngati mwafa ekiselo usiku pakati pa Nata ndi Kazungula, kapena m'tchire la njira ya Kolwezi, foni imodzi yopita kwa bwana kapena kwa makaniko ikhoza kupulumutsa katundu. Koma musaiyese foni ya WhatsApp. Liwiro la intaneti pa foni ya m'manja ya Iridium ndi 2.4 kbps. Chithunzi chimodzi cha pepala la kasitomu cha 1 MB chingatenge pafupifupi ola lathunthu, mayunitsi akudyeka mphindi iliyonse. Mkati mwa kabini siigwira bwino pokhapokha mutaika mlongoti padenga, ndipo pansi pa mitengo yowirira, m'shedi ya pa depoti kapena pakati pa makontena oyikizana imaduladula. Mayunitsi ogulatu amakhala ndi tsiku lothera, ngakhale foni itangogona m'bokosi.

Starlink, imene inatsegulidwa ku Mozambique, Malawi ndi Zambia mu 2023 ndi ku Zimbabwe mu 2024, ndi nkhani ina. Imeneyo ndi intaneti yothamanga, koma imafuna mbale, magetsi ndi chilolezo cha dziko limene mulimo, ndipo chololedwa tsidya lino la Beitbridge sichikhala chololedwa tsidya linalo. Ngakhale foni ya m'manja ili ndi malamulo ake. Ku India anthu amamangidwa nayo pabwalo la ndege, ndiye ogula katundu ku Mumbai muisiye kunyumba. Kuno kwathu funsani a MACRA, ZICTA, POTRAZ kapena ICASA musanaoloke nayo, ndipo muionetse pa kasitomu m'malo moibisa pansi pa mpando.

Muwauzenso akunyumba kuti nambala ya Iridium imayamba ndi +8816, si ya dziko lililonse. Akaiimbira pa foni wamba, mayunitsi a sabata yonse akhoza kutha moni asanamalize. Ndi bwino muziimba ndinu.