Mbiri ya njinga m'mapiri a Chitipa

Chitipa ndi boma la mapiri. Chakum'mawa kuli mapiri a Misuku ndi nkhalango zake za Mughese, Wilindi ndi Matipa. M'malire ndi Zambia mwatchinga Mafinga, ndipo kummwera, ukapyola Wenya ndi Nthalire, dziko limangokwera mpaka pa Nyika. Amene anapalasako njinga kumeneku amadziwa kuti ulendo uli pawiri: pokankha ndi potsetsereka. Lero kupalasa njinga m'tinjira ta m'mapiri ndi masewera otchuka padziko lonse, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri kuti akamve kukoma kwa mtsetse. Anthu a ku Chitipa akhala akutsika mitsetse yoteroyo kwa mibadwo ingapo, thumba la chimanga kapena la khofi lili pakaliyala.

Njira inayamba kufika, njinga n'kubwera pambuyo. Mu 1881 injiniya wina, James Stewart, anayamba kulambula msewu wochokera ku Karonga kuti ulumikize nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika, ndalama zake atapereka James Stevenson, mpondamatiki wa ku Glasgow. Stewart anamwalira mu 1883 ntchito isanapite patali, ndipo m'malo ambiri msewuwo unangokhala njira ya amtengatenga osenza katundu wa kampani ya Mandala pamutu. M'mbali mwa njira imeneyi ndi momwe munamangidwa Fort Hill, dzina lakale la Chitipa. M'zaka zomwezo, mu 1885, John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya matayala awiri ofanana yoyendera tcheni, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop ali ku Belfast anaiveka matayala opopa. Njinga imene tikuidziwa ife ndi msewu wa Stevenson ndi a msinkhu umodzi.

Oyamba kuipalasa kuno anali amishoni ndi azungu a boma, kenaka aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki. Koma chimene chinailowetsa m'midzi ndi ulendo wa kumigodi. M'ma 1930 amuna ambiri a kumpoto anakakumba golide ku Lupa, m'dziko la Tanganyika. Ena analowera ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, ena ku Joni kudzera mwa Wenela, amene ankanyamula anthu pa ndege kuchokera pa bwalo la Fort Hill lomweli. Munthu akabwerako ndi sutikesi, bulangeti ndi njinga ya Raleigh kapena Humber, mudzi wonse unkadziwa kuti sanapite pachabe. Khomo la Wenela linatsekedwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma pofika nthawiyo njinga inali itakhazikika kale ngati chuma cha banja, chobwerekana pa matenda ndi pa maliro.

Njinga yakuda ija inali yolemera, ya giya imodzi, ya mabuleki a timitengo tachitsulo tokoka timphira pa limu. Anaipangira misewu yosalala ya ku Ulaya. Ku Misuku inakumana ndi zitunda zimene ngakhale munthu wamphamvu amatsika n'kukankha, ndi mitsetse imene imadya timphira ta mabuleki m'masabata ochepa. Mvula ikagwa limu imaterera, buleki osagwira. Opalasa anaphunzira kuiwerenga njira: pomwe ayenera kutsika asanafike, pomwe angaisiye ithamange, pomwe angapondetse nsapato pa tayala kuti liwiro lichepe. Luso limeneli silinalembedwe m'buku lililonse, ndipo ena analilipira ndi mano kapena nthiti.

Munthu amene anaisandutsa njinga ya kumapiri ndi wokonza njinga wa pamsika, ndipo ine ndimaona kuti iyeyu ndiye mwini wake weniweni wa mbiriyi. Malo ake ogwirira ntchito ndi pansi pa mtengo: pampu, masipanala, hamala, guluu, beseni la madzi lofufuzira pomwe chubu chabooka. Chigamba amadula ku chubu chakale. Tayala likang'ambika amalisoka kapena kuliikira chidutswa cha tayala lina mkati. Chubu chikatheratu amachilenga malegeni omangira katundu, kotero palibe chotayidwa. Kaliyala ya kufakitale amaichotsa n'kuwotcherera ina ya zitsulo zokhuthala, masipoko akumbuyo amaika olimba, ndipo limu yopindika amaiwongola ndi diso lokha, akumangitsa sipoko imodzi ndi kumasula inzake mpaka gudumu lizungulire mowongoka. Pamene njinga za ku England zinayamba kusowa, m'malo mwake munalowa za ku India ndi China monga Hero, Avon ndi Phoenix. Ubwino wake unali woti zinatengera kapangidwe komweko, choncho zipangizo za ina zinkalowa pa inzake. Njinga imodzi inkatha kukhala ndi felemu ya agogo, mahandulo a ku India ndi tcheni chogula dzulo. Zambiri mwa zipangizozo zinkachokera kutsidya, ku Tunduma ndi Mbeya, poti kwa munthu wa ku Chitipa Tanzania ndi pafupi kuposa Blantyre, makamaka m'zaka zimene msewu wa Karonga unali wa fumbi ndi matope. Phula la pa msewuwo, wa makilomita pafupifupi 100, linabwera ndi thandizo la China kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2010.

Mbiri inayo, ya njinga za masewera a m'mapiri, inayambira kutali, m'dera la Marin ku California. M'ma 1970 achinyamata a kumeneko anayamba kutola njinga zakale zolemera za Schwinn, za matayala onenepa, n'kumatsika nazo m'misewu ya dothi ya m'mapiri. Mu 1976 anayambitsa mpikisano wa Repack, mtsetse wa makilomita atatu ndi pang'ono wotsika mamita pafupifupi 400. Mabuleki a m'habu ankatentha mpaka girisi kusungunuka, moti pambuyo pa ulendo ankayenera kumasula habu n'kuikamo wina. Vuto lawo linali lomwelija la ku Misuku: njinga yolemera, phiri lalitali, buleki yosakwanira. Kusiyana kwake, iwo anali ndi ndalama, zitsulo zabwino ndi nthawi yoseweretsa. Joe Breeze anawotcherera felemu yopangidwira m'mapiri mu 1977. Gary Fisher, Charlie Kelly ndi Tom Ritchey anayamba kugulitsa njinga zotere mu 1979, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inatulutsa Stumpjumper yopangidwa mochuluka m'fakitale. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wovomerezeka unachitikira ku Durango mu 1990, masewerawa analowa mu Olimpiki ku Atlanta mu 1996, ndipo South Africa inayambitsa Cape Epic mu 2004.

Ku Malawi njinga ya magiya inalowera makomo awiri. Loyamba ndi la alendo okaona malo. Pa Chelinda, pamwamba pa Nyika, alendo amapalasa m'misewu ya dothi yodutsa m'madambo a udzu, mbidzi ndi nchefu zikudya poteropo. Ku Luwawa, m'mapiri a Viphya, kunakhazikitsidwa mpikisano wa njinga za m'mapiri. Ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003 wochokera ku Cairo kupita ku Cape Town, umalowa m'dziko muno kuchokera ku Mbeya, koma ukafika ku Karonga umalunjika kummwera, Chitipa n'kutsala kudzanja lamanja. Ndi chimodzimodzi alendo ambiri a ku Nyika: amalowera ku Rumphi ndi kutulukira komweko, ngakhale mbali ina ya paki ya Nyika ili m'boma la Chitipa.

Khomo lachiwiri ndi la kaunjika, la m'masitolo ndi la mabungwe ogawira njinga alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi. Apa ndi pomwe mbiri ziwiri zija zinakumana, ndipo kukumanako sikunali kophweka. Magiya ndi dalitso pa chitunda: pomwe kale munthu ankakankha, tsopano amakwera ali pachishalo. Koma kachitsulo kosinthira magiya kamalendewera pafupi ndi nthaka, kakagunda mwala kamapindika, ndipo china cholowa m'malo mwake sichipezeka pamsika uliwonse. Mawaya a mabuleki amachita dzimbiri, masipuling'i akutsogolo amauma ndi fumbi. Wokonza uja anayankha mwa njira yake: amachotsa kachitsuloko, kufupikitsa tcheni, njinga ya magiya 18 n'kusanduka ya giya imodzi. Sindimudzudzula, chifukwa mwini wake akufuna kukafika kuchigayo mawa. Komabe zimandiwawa, poti chimene chachotsedwacho ndi chomwe mapiri athu ankachisowa kuyambira kale. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, linasankha kubwerera ku njinga yolimba yosavuta kukonza, ya Buffalo, ya kaliyala yosenza makilogalamu 100, ndipo limaphunzitsanso okonza. M'zaka zaposachedwa njinga zamoto za kabaza zalanda maulendo ambiri ataliatali, kapalasa n'kutsalira pa maulendo a kumunda, kusukulu ndi kumsika.

Kwa wofuna kupalasa mongosangalala, Chitipa ali ndi zonse zimene anthu amakazifuna kunja. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'dzinja dothi lofiira limaterera ngati therere ndipo limamatirira pa matayala mpaka gudumu kuima. Ku Misuku njira zimapota m'minda ya khofi ndi nthochi, kuwoloka timitsinje, kulowa m'nkhungu ya m'mawa, n'kutulukira pomwe maso amafika kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Usanatsike mtsetse, yang'ana timphira ta mabuleki, gwedeza magudumu, mangitsa mahandulo. Potsika, thupi likhale chakumbuyo, mabuleki onse awiri ugwire pang'onopang'ono, osakanikiza yakutsogolo yokha. Ukabwerako tsuka tcheni, uumitse, uthire oyilo wochepa, chifukwa wochuluka amaitana mchenga.

Pali chinthu china chimene opalasa a kunja sakumana nacho m'tinjira tawo tosungidwira masewera. Njira za kuno zili ndi eni ake: amayi osenza nkhuni, ana a sukulu, ng'ombe, agogo opita kutchalitchi. Belu lilire msanga, liwiro lichepe pokhota, moni aperekedwe, ndipo gulu la alendo liyambe laonekera kwa a mfumu. Odziwa njirazi bwino ndi anyamata ndi atsikana amene amazipalasa tsiku lililonse, ndipo ndi iwowo oyenera kutsogolera alendo, kulipidwa, ndi kuyesedwa m'mipikisano monga wa ku Luwawa. Kuti zitheke, pa boma la Chitipa, pa Misuku ndi pa Nthalire pakufunika okonza ophunzitsidwa za magiya, ndi sitolo yomwe munthu angapezemo waya wa buleki, tcheni chopyapyala ndi kachitsulo kosinthira magiya popanda kudikira wopita ku Mzuzu kapena Mbeya.